Msewu umene kale unali khwawa ku Zanzibar

Ukatsika chombo chochokera ku Dar es Salaam pa doko la Malindi, miyendo imakutengera yokha m'tinjira tothina ta Stone Town, momwe galimoto sikwana, njinga zamoto zokha ndi zimene zimakupanikiza kukhoma. Alendo ambiri amathera masiku awo m'menemo, kujambula zitseko zogoba zokhomedwa zitsulo za mkuwa, madzulo n'kukamwa msuzi wotchedwa urojo ku Forodhani, m'mbali mwa nyanja. Owoloka Creek Road ndi ochepa. Komatu nkhani ya mzindawu yagona pa msewu umenewu.

Kale pamenepa panali khwawa lomwe madzi a m'nyanja ankadzaza ndi kuphwa tsiku lililonse. Mbali ya kunyanja, kuyambira ku Shangani komwe kunali mudzi wa asodzi, kunakhala eni chuma. Seyyid Said, Sultan (mfumu) wa ku Oman, atasamutsira likulu lake kuno kuchoka ku Muscat cha m'ma 1840, Aluya ndi Amwenye anayamba kumanga nyumba zosanja ndi miyala ya m'nyanja. Ndalama zake zinkachokera ku minyanga ya njovu, minda ya karafuu (zonunkhiritsa zakudya zotchedwa cloves), ndi kugulitsa anthu. Mbali inayo ankangoitcha Ng'ambo, kutanthauza kutsidya. Kumeneko kunali nyumba zamatope zofolera masamba a kokonati, mokhala onyamula katundu padoko, antchito a m'nyumba, akapolo ndi omasulidwa. M'mawa ankawoloka kukagwira ntchito, madzulo n'kubwerera. Msika wa Darajani, womangidwa mu 1904, dzina lake likuchokera pa mlatho umene ankawolokerawo.

Kwa ife a ku Malawi, malo oyenera kuima nthawi yaitali ndi Mkunazini. Anthu amene Jumbe ankawawolotsa nyanja kuchokera ku Nkhotakota ankayenda wapansi mpaka ku Kilwa, ndipo ambiri mwa amene anafika amoyo ankathera pa msika wa akapolo wa pano. Msikawu unatsekedwa mu 1873, Sultan Barghash atapanikizidwa ndi Angerezi kudzera mwa John Kirk, yemwe uja anayenda ndi Livingstone pa mtsinje wa Shire. Chaka chomwecho amishoni a UMCA, omwenso anadzakhazikika pa Likoma, anayamba kumanga tchalitchi cha Christ Church pamalo pomwepo. Bishopu Edward Steere, amene anatsogolera ntchitoyo, manda ake ali kuseri kwa guwa. Olondolera alendo amakuonetsa kachizindikiro kozungulira pansi, kutsogolo kwa guwalo, n'kunena kuti pamenepo ndi pomwe panali mtengo wokwapulirapo akapolo. Muli kamtanda kakang'ono kosemedwa kuchokera ku mtengo umene pansi pake anakwirira mtima wa Livingstone kwa Chitambo, ku Zambia. Panja pali dzenje la simenti momwe mwaima zosema za anthu asanu, unyolo uli m'khosi. Ine pamenepo foni ndinaibweza m'thumba.

Khwawa lija linakwiriridwa pang'onopang'ono m'nthawi ya ulamuliro wa Angerezi, koma malire sanachoke. Anadzaphulika pa 12 Januwale 1964, pamene boma la Sultan linagwetsedwa patangopita mwezi umodzi chilandirireni ufulu. Aluya ndi Amwenye ambiri anaphedwa, ena anathawa, ndipo m'nyumba zawo boma linalowetsamo mabanja osauka. Abeid Karume, mtsogoleri wa boma latsopanolo, anafuna kuti mtima wa mzinda usamukire ku Ng'ambo, choncho mothandizidwa ndi East Germany anamanga mafulati a Michenzani, nyumba zazitali m'litali zondanda m'mbali mwa misewu ikuluikulu. Kukongola ayi, sizokongola, koma anthu akukhalamo mpaka lero, zovala zitayanikidwa pamakonde.

Mbali ya miyala ija inayamba kugumuka posowa woikonza, mpaka UNESCO inailemba pa malo osungidwa mu 2000 ndipo mahotela anachuluka. Ngakhale zili choncho, Beit al-Ajaib, nyumba ya Barghash ya 1883 yomwe inali yoyamba kukhala ndi magetsi pachilumbapo, mbali yake ina inagwa pa Khirisimasi ya 2020 ili mkati mokonzedwa.