Dzina lolembedwa pa piyano silikuuzani komwe inapangidwa

Kwaya yathu kuno ku Kasungu itafuna kugula piyano, mkulu wina anaona dzina la Ritmüller pachivundikiro n'kunena kuti, "Iyi ndi ya ku Germany, yakalekale, musanenerere mtengo." Ambirife timaganiza choncho, koma si zoona.

Kampani ya Ritmüller inayambikadi ku Göttingen, ku Germany, mu 1795, koma lero piyano za dzinali zimapangidwa ndi kampani ya Pearl River ku Guangzhou, ku China. Dzina linanso la piyano la Knabe, la ku Baltimore ku America, lili m'manja mwa kampani ya Samick ya ku South Korea. Fakitale ikatsekedwa, dzina limagulitsidwa ngati katundu wina aliyense.

Zina mwa piyanozi zimalira bwino ndithu, koma ndalama za mpingo zisapite chifukwa cha dzina lokha. Tsegulani chivundikiro, pezani nambala pachitsulo cham'kati, funsani komwe inapangidwa, ndipo woyimba ayese makiyi onse.