Mlandu wa kampani ukasamutsidwa khoti

Ife a kuno ku Harare amene makolo athu adachoka ku Nyasaland kudzagwira ntchito m'mafakitale a ku Workington ndi Southerton timadziwa ululu wa kugwa kwa kampani. Amalume anga a ku Mufakose adasunga kwa zaka zambiri envulopu yothimbirira ndi thukuta, m'mene munali kalata ya ndalama zimene fakitale ina inkayenera kuwalipira, ndipo akapita kukafunsa ankangouzidwa kuti nkhani ili kukhoti. Iwo ankabwerera akudzifunsa kuti khoti lake ndi liti, ndipo funsoli si lachibwana, chifukwa malamulo akasintha, mlandu umene uli kale m'kati umafunika kupezeredwa pokhala.

Ku Zimbabwe zinthu zasinthadi. Lamulo la Insolvency Act la 2018 lidabweretsa njira yopulumutsira kampani imene ili pafupi kugwa (corporate rescue) m'malo mwa njira yakale yoiika m'manja mwa woyang'anira wosankhidwa ndi khoti (judicial management), lamulo latsopano la makampani lidayamba kugwira ntchito mu 2020, ndipo mu 2022 High Court idatsegula nthambi yoweruza milandu ya zamalonda. Koma mbiri imene imaonetsa bwino vuto la kusamutsa milandu ndi ya ku India.

Kumeneko, nkhani za kampani imodzi zinkatha kumwazikana m'malo atatu. Kutseka kampani kunali m'manja mwa High Court, mikangano ya eni masheya inkapita ku bwalo lotchedwa Company Law Board, ndipo mafakitale amene anali pamavuto a zachuma ankawasamalira a BIFR, bungwe la boma loona zowatsitsimutsa, potsatira lamulo la 1985. Mu 2000 komiti yotsogozedwa ndi woweruza V. Balakrishna Eradi idalangiza kuti pakhale bwalo limodzi. Lamulo la makampani lidasinthidwa mu 2002, koma maloya a m'bungwe la Madras Bar Association adakadandaula kuti mphamvu za makhoti zikulandidwa, ndipo padatengera zigamulo za Supreme Court za mu 2010 ndi 2015 kuti njira itseguke. Bwalo la National Company Law Tribunal lidakhazikitsidwa pa 1 June 2016, patatha zaka 16 chiperekedwere langizo lija.

Milandu ya ku Company Law Board idasamukira ku bwalo latsopanoli yonse pamodzi. Povuta panali pa milandu yotseka makampani olephera kubweza ngongole. Malamulo a mu December 2016 adati mlandu umene zikalata zake zinali zisanaperekedwe kwa kampani yodandauliridwa upite ku bwalo latsopano, pamene umene zikalata zidaperekedwa kale utsale ku High Court. Motero anthu awiri amene adakongoza makampani ndalama mofanana ankatha kulowera kosiyana chifukwa cha tsiku limene kalata idafika pa ofesi, wina kukatseketsa kampani, wina kukayesa kuipulumutsa pansi pa Insolvency and Bankruptcy Code, lamulo latsopano la olephera kubweza ngongole. Ine ndimaona kuti malire amenewo adathandiza alembi a khoti kuposa anthu odikira ndalama zawo.

Mu 2018 Nyumba ya Malamulo idalola kuti wokhudzidwa ndi mlandu apemphe yekha kuti usamutsidwe, ndipo mu 2020, pa mlandu wa kampani ya Action Ispat, Supreme Court idagamula kuti kusamutsako n'kotheka ngakhale khoti litavomera kale pempho lotseka kampani, malinga ngati sipadachitike chinthu chosabwezeka, monga kugulitsidwa kwa katundu wake.