Chaka cha 1983 mu British Formula 3: momwe Senna anatsala pang'ono kutaya chikho chomwe chinali kale m'manja

Anthu ambiri okonda Formula One amamudziwa Ayrton Senna ngati katswiri wa ku Brazil amene anatenga chikho cha dziko lonse katatu, ndipo Martin Brundle amamudziwa ngati munthu wofotokoza mipikisano pa kanema wa Sky Sports. Awiriwa asanafike kumeneko, analimbana chaka chathunthu mu mpikisano wa dziko la Britain wa galimoto za mpando umodzi wotchedwa British Formula 3. Chaka chimenecho cha 1983 ndi chothandiza kwambiri kwa munthu amene akufuna kumvetsa kayendedwe ka mipikisano yotere, chifukwa dalaivala amene anapambana kasanu ndi kanayi motsatizana kumayambiriro anafika pa mpikisano womaliza ali kumbuyo kwa mnzake.

Galimoto ya mpando umodzi ili ndi malo a dalaivala yekha, pakati penipeni, matayala ake onse anayi ali poyera, ndipo injini ili kumbuyo kwa msana wa woyendetsayo. Mu Formula 3 ya nthawi imeneyo injini inali ya malita 2, koma malamulo ankalamula kuti mpweya wonse wolowa mu injini udutse pa kabowo kotalika mamilimita 24 m'mimba mwake. Injini ikamanidwa mpweya siyingatenthe mafuta ambiri, choncho ngakhale makaniko akhale aluso chotani, mphamvu za injini zonse zinkathera pafupifupi pamalo amodzi, cha m'ma hosipawa 160. Cholinga cha lamuloli chinali chakuti ndalama zisagule liwiro, ndiponso kuti eni matimu a Formula One, amene ankayang'anitsitsa mpikisanowu pofuna madalaivala atsopano, athe kuona luso la munthu osati la makina.

Mu 1983 kufananako kunafika patali. Senna, amene nthawiyo ankalembedwabe kuti Ayrton Senna da Silva, anali mu timu ya West Surrey Racing yotsogozedwa ndi Dick Bennetts wa ku New Zealand. Brundle anali mu timu ya Eddie Jordan wa ku Ireland, yomwe inali yosauka ndipo inkayendera ngongole. Onse awiri ankayendetsa galimoto ya mtundu wa Ralt RT3, yopangidwa ndi kampani ya Ron Tauranac, yokhala ndi injini ya Toyota yokonzedwa ndi kampani ya Novamotor ya ku Italy, komanso matayala a Avon omwe aliyense mu mpikisanowo ankayenera kugwiritsa ntchito. Chotsala kwa makaniko chinali kusintha zinthu zing'onozing'ono, monga kulimba kwa masipuling'i, kutalika kwa galimoto kuchokera pansi, kupendekeka kwa mapiko (zipangizo zothandiza mphepo kukanikizira galimoto pansi) ndi kuchuluka kwa mpweya wa m'matayala. Zinthu zimenezi zimaoneka zachabe, koma pa bwalo limene galimoto zimazungulira m'mphindi imodzi ndi theka, kusiyana kwa gawo limodzi mwa magawo khumi a sekondi kumatha kusuntha munthu kuchoka pa mzere woyamba kupita pa wachitatu poyambira.

Chaka chonse chinali ndi mipikisano 20, kuyambira mu Malichi mpaka mu Okutobala, pa mabwalo monga Silverstone, Thruxton, Donington Park, Brands Hatch, Snetterton, Oulton Park ndi Cadwell Park. Monga zilili mu ligi ya mpira, chikho sichipita kwa amene wasewera bwino tsiku limodzi, koma kwa amene wasonkhanitsa mapointi ambiri pofika kumapeto. Wopambana ankalandira mapointi 9, wachiwiri 6, ndipo otsatira ankalandira 4, 3, 2 ndi 1, kuphatikizapo pointi imodzi kwa amene wazungulira bwalo mwachangu kuposa onse. Manambala amenewa ndi ofunika kuwasunga m'mutu, chifukwa nkhani yonse ya chaka chimenecho yagona pa kusiyana kwa 9 ndi 6.

Senna anabwera mu Formula 3 atatenga kale zikho za Formula Ford 1600 mu 1981 ndi Formula Ford 2000 mu 1982, ndipo anayamba chakacho ngati kuti palibe wina aliyense pabwalo. Anapambana mipikisano 9 yoyambirira. Njira yake inali imodzi pafupifupi nthawi zonse: kupeza malo oyamba poyambira, kuthamanga kwambiri m'maulendo oyamba ozungulira bwalo matayala asanatenthe bwino, pamene anzake amakhala akuchita mantha ndi kutsetsereka, kenako n'kusunga mpata umene watsegula. Mu galimoto zofanana mphamvu kupitirira mnzako n'kovuta, chifukwa ukamuyandikira kumbuyo mphepo yosokonezeka yochokera pa galimoto yake imachepetsa kugwira kwa matayala ako akutsogolo pokhota. Brundle nthawi zambiri ankamaliza wachiwiri, ndipo ambiri ankaona ngati nkhani yatha. Koma munthu wowerengera mosamala akanaona kuti kupambana kulikonse kunkangowonjezera mapointi atatu kapena anayi pa mpata wa Senna, pomwe ngozi imodzi yokha, mnzakeyo atapambana, ikanafafaniza phindu la mipikisano itatu.

Zinthu zinatembenuka mu Juni ku Silverstone, pamene mpikisano wa Britain unachitikira limodzi ndi wa European Formula 3. Madalaivala ankasankha mbali imodzi: kukhalabe pa matayala a Avon kuti apeze mapointi a ku Britain, kapena kuika matayala ofewa ololedwa mu mpikisano wa ku Europe n'kulimbana ndi akatswiri a kumeneko. Senna ndi Brundle onse anathamanga pa matayala a Yokohama m'gulu la ku Europe. Brundle anapambana, ndipo Senna, pofuna kumupeza, anachita ngozi. Pa ndandanda wa mapointi a ku Britain tsikulo silinasinthe kanthu pakati pa awiriwa, koma Brundle wakhala akunena kuti kuchokera pamenepo anadziwa kuti Senna angathe kugonjetsedwa, ndipo Senna nayenso anadziwa kuti mnzakeyo wazindikira zimenezo.

Ku Cadwell Park, bwalo lopapatiza ndi lamapiri la ku Lincolnshire, Senna anaphwanya galimoto yake pa nthawi yolimbirana malo oyambira, moti sanathamange n'komwe, ndipo Brundle anatenga mapointi. Ku Snetterton, m'dera la Norfolk komwe ndi kwawo kwa Brundle, awiriwa anagundana ndipo amene anathera panjira anali Senna. Ku Oulton Park mu Ogasiti kunali koopsa kwambiri, pakuti Senna analowera mkati mwa kona pamene panalibe mpata wokwanira, galimoto yake n'kukwera pamwamba pa ya Brundle, ndipo onse awiri anatuluka mu mpikisano. Oyendetsa mpikisano anapeza Senna wolakwa, anamulipitsa chindapusa n'kulemba mlanduwo pa layisensi yake. Iye anakhulupirira kuti akumukondera mnzakeyo chifukwa anali mwana wa kwawo, ndipo maganizo akuti akuluakulu amamuchitira chiwembu anakhala nawo mpaka mu Formula One.

Apa m'pamene ine ndimasiyana ndi anthu amene amakamba za chakachi ngati umboni wa kulimba mtima kwa Senna basi. Pofika pakati pa chaka iye sankafunikanso kupambana. Akanangomaliza wachiwiri kumbuyo kwa Brundle nthawi iliyonse imene galimoto yake sinali bwino, akanataya mapointi atatu okha pa mpikisano uliwonse, ndipo mpata umene anali nawo ukanamufikitsa kumapeto popanda nkhawa. M'malo mwake ankataya 9 kapena 10 nthawi imodzi chifukwa chokana kuona galimoto ina patsogolo pake. Bennetts, amene anali injiniya wodekha, anayesetsa kumuuza kuti malo achiwiri nawonso ali ndi mapointi, koma mnyamata wa zaka 23 amene wazolowera kupambana samva msanga uphungu wotero. Mbali inayo, ntchito ya Brundle siyenera kuchepetsedwa. Kumaliza wachiwiri mobwerezabwereza osataya mtima, mu timu yomwe sinkadziwa ngati ndalama za mpikisano wotsatira zipezeka, n'kumene kunam'sunga pafupi mokwanira kuti zolakwa za Senna zikhale ndi mtengo.

Kumapeto kwa chaka Brundle anapambananso kangapo motsatizana, ndipo pofika pa mpikisano womaliza ku Thruxton mu Okutobala anali patsogolo ndi pointi imodzi. Panali komabe lamulo lina lomwe owonera ambiri saliganizira. Si zotsatira zonse 20 zimene zinkawerengedwa, pakuti zingapo zoipitsitsa za dalaivala aliyense zinkachotsedwa. Lamulo lotere limakomera munthu amene amapambana kapena kugwa, chifukwa zimene amachotsa ndi masiku omwe sanapeze kanthu, pomwe munthu wosaphonya ngati Brundle amakakamizika kutaya mapointi enieni amene anawakhetsera thukuta.

Senna sanadalire lamulo lokhalo. Pokayikira kuti injini ya mnzake inali ndi zinthu zatsopano zomwe yake inalibe, anatenga injini yake n'kupita nayo yekha ku Novamotor ku Italy kuti akaikonzenso iye akuona. Pa tsiku la mpikisano kunkazizira, ndipo timu yake inamata tepi pa malo opitira mphepo yoziziritsa oilo. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Oilo wozizira amakhala wolimba, ndipo injini imawononga mphamvu zina polimbana naye, zomwe pa bwalo la liwiro ngati Thruxton, lomwe kale linali bwalo la ndege, zimaonekera nthawi yomweyo. Tepiyo inathandiza kuti oilo atenthe msanga, motero Senna anali ndi mphamvu zonse m'maulendo oyamba pamene anzake ankadikirabe. Vuto lake linali lakuti tepi ikakhalitsa injini imapsa. Kutentha kutakwera, anapeza kuti dzanja silikufika pa tepiyo ali womangidwa, choncho anamasula malamba ali pa liwiro, n'kuisomphola, ndipo anapitiriza ulendo. Dalaivala wochita zimenezi lero angalangidwe koopsa, ndipo n'zoyenera kutero.

Senna anapambana mpikisanowo, Davy Jones wa ku America anali wachiwiri, ndipo Brundle anamaliza wachitatu. Chikho chinapita kwa Senna ndi mapointi 132 pamene Brundle anali ndi 123. Munthu amene anapambana mipikisano 12 mwa 20 anasiyana ndi mnzake ndi mapointi 9 okha, omwe ndi a kupambana kumodzi.

Mu Novembala Senna anakapambananso Macau Grand Prix, mpikisano wa mumzinda wa Macau ku Asia, m'chaka choyamba chimene mpikisanowo unachitika ndi galimoto za Formula 3. Matimu a Formula One anali ataona zokwanira: Williams, McLaren, Brabham ndi Toleman onse anamuyesa m'galimoto zawo, ndipo pamene McLaren inkamuyesa ku Silverstone inaitananso Brundle. Mu 1984 Senna analowa Formula One ndi timu ya Toleman, Brundle ndi ya Tyrrell. Eddie Jordan anadzafika mu Formula One ndi timu yakeyake mu 1991.