Timaulusi ta Zomera Tokola Zoipa za m'Magazi: Zimene Odwala Impso Ayenera Kudziwa

Impso zikafooka, zoipa zimene thupi limataya mumkodzo zimatsalira m'magazi. Zodziwika kwambiri ndi zitatu: urea, imene chiwindi chimapanga kuchokera ku zakudya zomanga thupi, creatinine, yochokera m'minofu, ndi uric acid, ija imatupitsa chala chachikulu chakuphazi ikachuluka. Zoipazi zikaunjikana munthu amachita nseru, chakudya sachifuna, khungu limamuyabwa usiku wonse, ndipo m'kamwa amamva ngati wanyambita chitsulo. Madzi nawo amatsakamira m'thupi, mapazi ndi nkhope n'kutupa. Chomvetsa chisoni n'chakuti zizindikirozi zimaonekera impso zitawonongeka kale kwambiri.

Wofika pamenepa amathandizidwa ndi makina osefa magazi, amene achipatala amati dayalisisi. Ambiri amapita katatu pa sabata, ulendo uliwonse maola pafupifupi anayi atakhala pampando, masingano awiri ali pamkono. Chimene ambiri sadziwa ndi kuchuluka kwa madzi amene makinawo amadya. Ulendo umodzi wokha umafuna malita pafupifupi 120 a madzi oyeretsedwa bwino, ndipo akangodutsa m'makina atanyamula zoipa amatayidwa. N'chifukwa chake makinawa ndi aakulu, ndi okwera mtengo, ndipo wodwala amakhala ngati wamangidwa chingwe ku chipatala. Pakanapezeka chinthu chotha kukola zoipa zija m'madziwo kuti abwererenso m'makina, malita ochepa akanakwanira, ndipo makina akanachepa mpaka kumatheka kuyenda nawo.

Apa m'pamene pakulowera cellulose, chinthu chimene chimalimbitsa zomera zonse. Thonje pafupifupi lonse ndi cellulose, pepala nalonso chimodzimodzi. Si chachilendo pa nkhani ya impso. Dokotala wa ku Netherlands, Willem Kolff, popanga makina ake osefa magazi mu 1943 anagwiritsa ntchito cellophane, yopangidwa kuchokera ku cellulose yomweyi, imene ankakutira masoseji. Mu 1945 makinawo anapulumutsa wodwala woyamba.

Chatsopano masiku ano n'chakuti akatswiri akutha kuphwanya cellulose kukhala timaulusi tating'onoting'ono, tonenepa ma nanomita owerengeka chabe. Kuti mumvetse, tsitsi limodzi la munthu limanenepa ma nanomita masauzande makumimakumi. Ulusi ukang'ambidwa kufika pamenepo, ufa wochepa umakhala ndi malo ambirimbiri oti zinthu zikakamirepo. Koma paokha timaulusiti sitigwira kwenikweni zoipa za m'magazi, choncho amatithira mankhwala osintha kunja kwake, ngati kumangirira timbedza pa chingwe. Mankhwala otchedwa periodate amapanga timbedza totha kulumikizana ndi urea. Ena, otchedwa TEMPO, amapatsa ulusiwo mphamvu yokoka zinthu zina zosungunuka m'madzi.

Chimene chavuta akatswiri zaka zonsezi ndi urea. Makala okonzedwa mwapadera amagwira bwino creatinine ndi uric acid, koma urea ndi yaing'ono, imakonda madzi, ndipo imangodutsa. Makina otchedwa REDY, amene anayamba kugwiritsidwa ntchito m'ma 1970, ankakwanira ndi malita pafupifupi 6 okha, koma ankayamba aphwanya urea kukhala ammonia, amenenso ndi poizoni wofunika kumukola payekha. Chinthu chogwira urea mwachindunji chingachotse vuto limeneli, ndipo chikakhala chochokera ku zomera, chosasowa komanso chotha kuwola, ndiye bwino koposa.

Tsono apa mvetsetsani, chifukwa moyo wa munthu ungatayike. Ntchito imeneyi ikadali kafukufuku wa m'malabotale. Si mankhwala oti dokotala angakulembereni. Chinthu chikagwira urea m'botolo sizitanthauza kuti chigwiranso chimodzimodzi m'madzi odzaza mchere, shuga ndi zina za m'thupi. Akatswiri ayenera kutsimikiza kuti sichikuchotsa zofunika monga calcium, kuti timaulusito sitikuthawira m'magazi, komanso kuti mankhwala otsalira pa ulusiwo sakuvulaza munthu. Ngakhale AST-120, makala akumwa amene anavomerezedwa ku Japan mu 1991, atayesedwa pa odwala ambiri m'mayiko ena sanasonyeze mokhutiritsa kuti amachedwetsa kufooka kwa impso.

Choncho wina akakugulitsani ufa, tiyi kapena makapisozi n'kumati akutsuka magazi kapena akulowa m'malo mwa dayalisisi, musamukhulupirire, ngakhale atchule mawu akuluakulu a sayansi. Musadye makala, dothi kapena pepala poganiza kuti zikola zoipa. Makala akumwa amakolanso mankhwala enieni amene mukumwa, n'kuwalepheretsa kugwira ntchito, ndipo zitsamba zina zimamaliza impso zimene zinali zitafooka kale. Amene muli pa dayalisisi musadumphe tsiku, ngakhale mukumva bwino: potassium, mtundu wina wa mchere wa m'magazi, imachuluka mwakachetechete ndipo ingaimitse mtima.

Kwa amene impso zikadali zolimba, adani aakulu ndi matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Ngati muli ndi amodzi mwa matendawa, kapena m'banja mwanu muli wodwala impso, pemphani kuyezedwa creatinine m'magazi ndi mapuloteni mumkodzo kamodzi pa chaka. Chepetsani mchere. Mankhwala opha ululu monga ibuprofen ndi diclofenac musamamwe masiku ambiri otsatizana popanda dokotala kudziwa. Mukaona mkodzo ukuchita thovu losatha msanga, uli ndi magazi, wachepa mwadzidzidzi, kapena mwadzuka zikope zitatupa, pitani kuchipatala osazengereza, ndipo munyamule mankhwala onse amene mukumwa, azitsamba omwe, kuti dokotala akawaone.