Magetsi a madzi otentha a ku Chiweta: kodi tidzapuma mpweya wotani?

Mukachoka kuno ku Mzuzu pa msewu wa M1 kulowera ku Karonga, mukangotsetsereka phiri n'kufika m'mbali mwa nyanja, mwafika pa Chiweta. Pamenepo pali akasupe amene ali m'gulu la otentha kwambiri m'Malawi muno, madzi ake amafika pafupifupi madigiri 80. Magetsi akavuta, monga zinachitikira namondwe Ana atawononga siteshoni ya Kapichira mu Januwale 2022 ndipo dziko linataya pafupifupi ma megawatt 130, nkhani ya akasupewa imabukanso: bwanji osapanga magetsi kuchokera ku kutentha kwa pansi pa nthaka monga achitira anzathu a ku Kenya? Ntchito yanga ndi yoyeza mpweya, ndiye funso limene limandipeza ine ndi lina: siteshoni yotere ikadzamangidwa, anthu okhala pafupi adzapuma chiyani?

Siteshoni ya mtunduwu siwotcha kanthu. Mulibe malasha, mulibe dizilo, mulibe nkhuni. Amaboola chitsime chakuya makilomita awiri kapena atatu, madzi otentha amakwera m'mapaipi, nthunzi yake imazunguza makina a mapiko otchedwa turbine, ndipo jenereta imatulutsa magetsi. Popeza palibe moto, palibenso mwaye. Mukaona zithunzi za ku Olkaria, pafupi ndi Naivasha, kumene dziko la Kenya lakhala likupanga magetsi otere kuyambira 1981, mudzaona mtambo woyera ukutuluka pa nsanja zoziziritsira madzi. Ambiri amaganiza kuti ndi utsi. Ayi, imeneyo ndi nthunzi ya madzi basi. Mpweya umene ife timauyang'anitsitsa ndi wosaoneka ndi maso.

Madzi amene akhala pansi zaka zambiri, atapanikizidwa ndi miyala, amasunga mpweya mkati mwake. Zili ngati botolo la chakumwa cha gasi: lili chotsekera simuona kanthu, mukangotsegula thovu limakwera. Chitsime chikaboola, kupanikizika kumachepa ndipo mpweyawo umatuluka limodzi ndi nthunzi. Nthunzi ikadutsa pa turbine amaiziziritsa n'kukhalanso madzi, koma mpweya uja susanduka madzi. Ukausiya m'makina umachepetsa mphamvu ya turbine, choncho amaupopa kuuchotsa. Funso lonse lagona pamenepa: akauchotsa amapita nawo kuti?

Gawo lalikulu la mpweyawu, kawirikawiri kuposa magawo 90 pa 100 alionse, ndi carbon dioxide, uja amene akusintha nyengo. Kafukufuku wa masiteshoni a m'mayiko osiyanasiyana amene anatuluka mu 2002 anapeza kuti pa yuniti imodzi ya magetsi, yuniti yomweyi timagula ku ESCOM, pamatuluka magalamu pafupifupi 122. Siteshoni ya malasha imatulutsa pafupifupi magalamu 1,000 pa yuniti imodzi. Kusiyana kwake n'kwakukulu, ndipo n'chifukwa chake magetsi amenewa amawerengedwa m'gulu la osawononga chilengedwe. Koma nambala ya 122 ndi yongogawa pakati. Kumadzulo kwa dziko la Turkey, madzi otentha amadutsa m'miyala ya laimu ndi marble, ndipo masiteshoni ena kumeneko akhala akutulutsa carbon dioxide wofanana ndi wa malasha, penanso kuposa. Ku Kızıldere mpweyawu ndi wochuluka moti wina amaugwira n'kumaugulitsa kwa opanga zakumwa. Choncho wina akadzakuuzani kuti siteshoni ya ku Chiweta idzakhala yaukhondo chifukwa ya kwinakwake ndi yaukhondo, mufunseni ngati wayeza mpweya wa m'chitsime chathu. Yankho lili m'miyala ya pamalopo.

Umene umandidetsa nkhawa kwambiri pa za umoyo wa anthu ndi hydrogen sulphide. Ndi wochepa poyerekeza ndi carbon dioxide, koma ndi amene anthu amamva. Fungo lake ndi la dzira lowola, ndipo mphuno ya munthu imaumva ngakhale uli wochepetsetsa. Bungwe la WHO limati kuti anthu asavutike ndi fungo, mpweyawu usapitirire ma microgram 7 (microgram ndi gawo limodzi mwa magawo miliyoni a galamu) pa cubic metre imodzi ya mpweya pa mphindi 30, ndipo poteteza umoyo usapitirire 150 pa maola 24. Mukaona kutalikirana kwa manambala awiriwa muzindikira kuti kumva fungo sikutanthauza kuti mwadwala kale. Komabe banja limene likugona ndi fungo lotere usiku uliwonse, mutu ukuwawa, maso akuyabwa, lili ndi dandaulo lenileni, ndipo sindigwirizana ndi akatswiri amene amalichepetsa.

Choopsa chenicheni chili kwa ogwira ntchito. Mpweyawu ukachuluka kufika magawo 100 kapena 150 pa miliyoni, umapha mphamvu ya mphuno yonunkhiza. Munthu amaganiza kuti fungo latha pamene poizoni wachuluka. Ukafika magawo 700 kupita m'tsogolo, munthu amagwa n'kukomoka atangopuma kangapo. Ndi wolemera kuposa mpweya wamba, ndiye umakhazikika m'maenje, m'ngalande ndi m'kadzenje kamene amakumba pa mutu wa chitsime. N'chifukwa chake pa siteshoni yoyendetsedwa bwino munthu salowa m'dzenje lotere asanatsitse kachipangizo koyezera, ndipo amavala kena pachifuwa kamene kamalira mpweyawu ukakwera. Mnzake akagwa m'dzenje, saloledwa kudumphiramo kukamuchotsa alibe chopumira, chifukwa nthawi zambiri wachiwiri kufa amakhala wofuna kupulumutsa.

Mpweya wa hydrogen sulphide umadyanso zitsulo zina. Kopa ndi siliva zimada bii, ndipo tinthambo ta mkati mwa wailesi, mafoni ndi makompyuta timawonongeka msanga. Anthu a mu mzinda wa Reykjavik ku Iceland anayamba kuona zimenezi siteshoni ya Hellisheiði itatsegulidwa mu 2006. Mu 2010 boma la dzikolo linaika malire okhwima kuposa a WHO, ma microgram 50 pa maola 24, ndipo eni siteshoni anayenera kupeza njira. Lero amasungunula hydrogen sulphide ndi carbon dioxide m'madzi n'kuwapopera pansi m'miyala ya basalt, kumene amasanduka mwala. Poyesa koyamba, magawo oposa 95 pa 100 a carbon dioxide anasanduka mwala pasanathe zaka ziwiri. Njirayi imadalira basalt, ndipo miyala ya ku Chiweta ndi ina, ya dera limene mumapezeka malasha a ku Mchenga. Ku The Geysers ku California amatenga njira ina, amasandutsa mpweyawu kukhala sulufule wachikasu amene alimi amathira m'minda. Ku Italy, kumene magetsi otere anayambira pa Larderello mu 1904, ali ndi makina ochotsa hydrogen sulphide pamodzi ndi mercury. Palinso methane, ammonia ndi boron pang'onopang'ono, zimene zimayezedwa koma sizikhala vuto lalikulu m'malo ambiri.

Ife tili ndi mwayi wina. Akasupe athu satenthedwa ndi mapiri ophulika ngati a ku Kenya. Madzi a mvula amalowa pansi kwambiri kudzera m'ming'alu ya chigwa chachikulu chimene muli nyanja yathu, amatenthedwa, n'kukweranso. Madzi otere nthawi zambiri satentha mokwanira kupereka nthunzi yozunguza turbine mwachindunji, ndiye oyenera ndi makina a mtundu wa binary. M'makinawa madzi a pansi satulutsidwa panja. Amadutsa m'mapaipi otseka, amatenthetsa madzimadzi ena osachedwa kuwira monga pentane, kenako amabwezedwa pansi kudzera m'chitsime china ali ndi mpweya wake womwewo. Ku Chena Hot Springs ku Alaska anayamba kupanga magetsi motere mu 2006 ndi madzi a madigiri pafupifupi 74, osafika a kasupe wa pa Chiweta. Siteshoni yotere, ikamasamalidwa, imatulutsa mpweya wochepa zedi, ndipo pa nkhani ya mapapo athu sitingaiyerekeze n'komwe ndi majenereta a dizilo kapena mbaula za makala zimene timapuma utsi wake tsiku lililonse mu Mzuzu muno.

Ngakhale zili choncho, pali nthawi imene ngakhale binary imanunkha: pamene akuboola ndi kuyesa zitsime. Chitsime chatsopano amachisiya chikutulutsa madzi ndi nthunzi panja kwa masiku kapena masabata kuti adziwe mphamvu yake, ndipo mpweya wonse umapita mumlengalenga. Pentane nayonso imayaka msanga ikadontha. Komanso malo a Chiweta ndi ofunika kuwaganizira bwino. Ndi kamzere kopapatiza pakati pa phiri ndi nyanja. Usiku mpweya wozizira umatsika kuchokera kumapiri a ku Livingstonia n'kukhazikika m'munsi, momwe muli nyumba za anthu, ndipo mpweya wolemera ungatsike nawo. Masana a mwera mphepo imamwaza zonse, koma muyezo wotengedwa masana otere sungakuuzeni zimene mwana wogona pa mphasa akupuma m'bandakucha kuli bata.

Lamulo la za chilengedwe la 2017 limafuna kuti ntchito yaikulu ngati imeneyi isayambe popanda kafukufuku wa mmene idzakhudzire anthu ndi chilengedwe, ndipo bungwe la boma loteteza chilengedwe la MEPA ndi limene limavomereza. Pa misonkhano imene amaitana mafumu ndi anthu a m'deralo, ndikanakonda kumva mafumu ndi amayi akufunsa kuti mpweya wa m'chitsime wayezedwa ndipo mwapezeka chiyani, ngati madzi onse adzabwezedwa pansi, zoyezera zidzaikidwa pati, ndiponso ndani adzaziwerenga kupatula kampani yomwe. Zoyezerazo ziikidwe pa sukulu, pa chipatala ndi m'makomo a m'munsi, osati pa mpanda wa siteshoni pokha.

Ndipo kuyeza kuyambe chitsime chisanaboole. Kasupe amatulutsa kale mpweya wake mwachilengedwe, ndiye pakufunika miyezo ya chaka chathunthu, dzinja ndi chilimwe, usana ndi usiku, kuti mawa anthu akadzadandaula za fungo pakhale pofanizira. Ntchito imeneyi ndi yotsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi kuboola chitsime chimodzi, ndipo ophunzira za mphamvu ndi za chilengedwe pa Mzuzu University angathe kuiyamba atapatsidwa zipangizo ndi thiransipoti yopitira ku Chiweta.