Nsawawa ndi gulugufe: mawu a ana a ku Italy akamalowa m'Chingerezi

Mayi wa ku Italy akamasambitsa mwana wake wamng'ono amati manina, piedino, pancino, nasino. Kumeneko ndi kunena kuti kadzanja, kaphazi, kamimba, kamphuno. Chitaliyana chimachepetsa dzina pomata -ino, -ina, -etto kapena -etta kumapeto kwake, ndipo kuchepetsako kumanyamula chikondi, osati msinkhu wokha. Ife sitivutika kumva zimenezi chifukwa ka- ndi ti- wathu amagwira ntchito yomweyo. Chingerezi chilibe chida chotere chomata pa dzina lililonse. Pancino ali ndi mnzake wokonzeratu, tummy, koma nasino alibe. Ukalemba little nose, little hand, little foot m'ndime imodzi, mayi uja amamveka ngati namwino wa kusikelo amene akuyeza mwana. Pa ntchito yathu yomasulira, nthawi zambiri timasiya nose yekha n'kusamutsira chikondicho pena, mwina pa dzina lomusasatitsa ngati sweetheart, kapena pa kufewa kwa chiganizo chonse.

Zovuta zenizeni zili kumalo obisika. Mwana wamwamuna amaphunzitsidwa kunena pisellino, kutanthauza kansawawa. Wamkazi amauzidwa patatina, kambatatesi, kapena farfallina, kagulugufe. M'nyumba za ku Italy mawuwa samveka ngati nthabwala kapena kutukwana. Agogo amawanena, dokotala wa ana amawanena, ndipo palibe amene amaganiza za ndiwo kapena za tizilombo towuluka. Womasulira akalemba little pea kapena little butterfly, wowerenga wa Chingerezi amaima n'kuyamba kudabwa ndi chithunzicho, pomwe wowerenga wa ku Milano anangodutsa osaona chachilendo. Akathawira ku mawu a kuchipatala, mwana wa zaka zinayi amayamba kuyankhula ngati buku la sayansi. Njira zonse ziwirizi zimapha mawu a mwanayo.

Choyamba kufunsa n'chakuti: Chingerezi cha kuti? Pisellino ku Britain ndi willy, mawu amene aliyense kumeneko amawadziwa kuti ndi a ana. Ku America makolo ambiri amati pee-pee kapena wee-wee. Matako nawonso amasiyana. Sederino, wochokera ku mneni sedere, kukhala pansi, ndi waulemu ndipo amagwirizana ndi bottom. Culetto amachokera ku culo, mawu amene pakamwa pa wamkulu ndi achipongwe, koma -etto uja amawatsuka mpaka mayi angawanene akusintha thewera. Amene angayang'ane muzu wokha n'kutenga mawu otukwana a Chingerezi wamunamizira mayiyo. Ku London tingati bum, ku New York tushy, mawu amene Chingerezi cha ku America chinabwereka ku Chiyidishi, chinenero cha Ayuda ochokera ku Ulaya. Ndipo pali msampha umodzi umene aliyense womasulira ayenera kuudziwa: fanny ku America ndi matako, koma ku Britain ndi maliseche a mkazi, ndipo ambiri amawamva kuti ndi osayenera pagulu. Buku limodzi likagulitsidwa m'mayiko onse awiri, liwu limeneli lokha lingasinthe tanthauzo la tsamba lonse.

Kwa mwana wamkazi Chingerezi n'chosauka kwambiri. Palibe liwu limodzi lofanana ndi willy limene mabanja onse amagwirizana. Ena ku Britain amati front bottom, ena amangoti private parts, ndipo mabanja ambiri ali ndi dzina lawolawo limene aneba sangalidziwe. Choncho patatina, amene Mtaliyana aliyense amamumva, alibe pofikira pokhazikika. Ine ndimasankha potengera banja la m'nkhaniyo: kodi mayiyu ndi wamanyazi kapena womasuka, wa kumudzi kapena wa m'tauni, wa masiku ano kapena wa m'zaka za m'ma 1960? Yankho la mafunso amenewa ndilo limandipatsa liwu, osati dikishonale.

Zonsezi ndi za m'mabuku, m'mafilimu ndi m'makatuni, kumene cholinga ndi chakuti wowerenga amve mwana akuyankhula ngati mwana. Kupolisi, kukhoti ndi kuchipatala lamulo limatembenuka, ndipo apa ndimalimbikira kwambiri. Mwana akamafotokoza kuti wina anamugwira, liwu limene wasankha ndi umboni. Akanena farfallina, womasulira alibe ufulu woikapo dzina la m'buku la madokotala, ngakhale atatsimikiza mumtima kuti ndi zimene mwanayo akutanthauza. Mabanja amagwiritsa ntchito mawuwa mosiyana, ndipo mwana wamng'ono angatchule dera lonse la m'munsi ndi dzina limodzi. Choyenera ndi kubwereza liwulo monga lanenedwera, kufotokoza kuti kwenikweni limatanthauza kagulugufe ndiponso kuti ndi dzina la ana la malo obisika, kenako kusiyira wofunsayo kuti afunse mwanayo kuti malowo ali pati. Ku Italy kuli malangizo otchedwa Carta di Noto, amene anayamba kulembedwa mu 1996, onena za kafunsidwe ka ana pa milandu ya nkhanza zotere, ndipo ku England ndi Wales kuli Achieving Best Evidence. Onse awiri amachenjeza za kuika mawu m'kamwa mwa mwana. Womasulira amene wasintha farfallina mwakachetechete wachita zomwezo, ndipo loya wa woimbidwa mlandu akadzamvetsera tepi ya mafunsowo angathe kugwetsa nazo umboni wa mwanayo.

Pali ngozi inanso ya mbali ina. Patatina ndi liwu lomwelo limene Ataliyana amatchulira tchipisi. Mwana wa ku Italy amene wangoyamba sukulu ku Manchester akauza mphunzitsi kuti patatina ikumupweteka, ndipo wina n'kumasulira ndi foni kuti akunena za chakudya, dandaulo lake lingathere pomwepo. N'chifukwa chake makolo osamukira kunja ndimawalangiza kuti dzina la kunyumba alisunge, koma aphunzitsenso mwana dzina lenileni la chiwalocho m'chinenero cha dziko limene afikiramo.