Mzere wa pakhomo pa namwino m'nyengo yozizira

Juni akangofika kuno ku Dedza, ndimapeza ana atandanda kale pakhomo pa chipinda cha odwala cha pasukulu yathu yogonera komweko belu la phala lisanalire, manja ali m'khwapa, milomo itachita mbuu. Woyamba amati, "Anamwino, mutu." Wachiwiri, mutu. Wachitatu, m'mimba. Aphunzitsi ena akamadutsa amandiuza kuti ndiwabweze onse, akungothawa kalasi. N'zoona kuti ambiri mwa anawa safunika mankhwala, koma sindibweza mwana ndisanamuyeze.

Chifukwa chake n'chakuti matenda oopsa sabwera atadzilemba pachipumi. Malungo amayamba ndi mutu womwewo ndi kuzizidwa komweko. Chibayo chimayamba ngati chifuwa wamba. Choncho aliyense ndimamuika choyezera m'khwapa, ndipo chikafika madigiri 37.5 kapena kupitirira, ndimamubaya chala. Pakatha mphindi 15 kapena 20 timadziwa ngati ali ndi malungo, ndipo pokhapo m'pamene amalandira LA. Ndimayang'ananso kapumidwe kake. Wopuma mofulumira, wolira m'chifuwa ngati kamwana ka mphaka, wouma khosi, amenewo sagona pano, timathamangira nawo kuchipatala. Wa mphumu ndimamudziwa ndi dzina, chifukwa mphepo ya m'bandakucha ndiyo imamudzutsira matendawo. Amene watsokomola milungu iwiri akayezetse makhololo.

Otsalawo ndiwo ambiri, ndipo ndiwo amandikhudza mtima. Mtsikana wina wa Fomu 1 anabwera masiku atatu otsatizana, thupi losatentha, chifuwa chili bwinobwino. Tsiku lachitatu ndinagwira manja ake, anali zii ngati mwala wa kumtsinje. Nditamufunsa pang'onopang'ono anaulula kuti amafunda chitenje chimodzi, ndipo usiku wonse sagona. Mutu umamupwetekadi, sankanama. Ndinamupatsa madzi ofunda m'kapu, tinakambirana ndi amatironi, bulangete linapezeka, ndipo sanabwerenso. Ena amati m'mimba pomwe ali kumwezi ndipo alibe zovalira, koma sangatchule pamaso pa anzawo. Ena a Fomu 4 mantha a mayeso a MSCE, omwe amagwa m'nyengo yomweyi, amawamanga m'mimba.

Makolo, pa chimfine tiyeni timvane. Chimayamba ndi mavairasi, ndipo amoxicillin kapena Bactrim sapha mavairasi. Chimatha chokha pakapita sabata imodzi kapena masiku 10. Chimafala kwambiri muno osati chifukwa cha mphepo yokha, koma poti ana amatseka mazenera onse n'kupumirana mpweya m'chipinda chimodzi. Mukamaika makapisozi m'chikwama cha mwana kuti azimwa akamva chifuwa, amamwa awiri, otsalawo amagawira anzake, ndipo tsiku lomwe adzadwale chibayo chenicheni mankhwalawo akhoza osagwiranso ntchito. Ngakhale Panado sindipereka kwa aliyense wofika, chifukwa amatsitsa kutentha kwa thupi n'kundibisira chomwe ndikufuna kuona.

M'chikwamamo ikanimo juzi yochindikala, masokosi, chipewa, bulangete ndi Vaseline wa milomo ndi ming'alu ya kumapazi. Mwana wa mphumu abwere ndi mankhwala ake opopera m'kamwa, ndipo mundidziwitse tsiku lotsegulira sukulu. Muwauzenso kunyumba komweko kuti asalowetse mbaula m'chipinda chogona chotseka. Makala amatulutsa mpweya wopanda fungo womwe umapha munthu ali m'tulo, ndipo chizindikiro chake choyamba ndi mutu ndi chizungulire. N'chifukwa chake ana angapo a m'chipinda chimodzi akabwera pamodzi m'mawa akudandaula mutu, funso langa loyamba limakhala lakuti usiku anaotha chiyani.